Mzere Wobiriwira

Namwino wa kukiliniki sanapsatire mawu:
"Amayi, magazi anu akuthamanga kuposa eni ake.
Muziyenda."
Ndiye Loweruka, maminibasi asanayambe kukuwa,
ndinavala nsapato za malemu bambo a kunyumba,
kutsogolo nditatsekera nyuzipepala,
n'kulunjika kaphiri ka kuseri kwa Chalala
kamene ndakhala ndikukaona pawindo zaka khumi ndi ziwiri
osakapondako.

Njira imadzera pa amayi oswa miyala.
Nyundo ya a Dailesi inkagogoda
mofanana ndi chinthu cha m'chifuwa mwangamu.
Kenako zitsa zomwe owotcha makala anasiya,
chisoso chomata pachitenje,
buluzi wa mutu wabuluu wondiyang'ana ngati ndili naye ngongole.
Ndinapuma kanayi. Kachisanu ndinakhala pansi.

Unali Okutobala, Lusaka yense ali mbuu,
malata akuthwanima, fumbi litaphimba nyumba zitalizitali za m'tauni.
Yanga ndinaizindikira ndi thanki yopendama ija.
Ndipo pakati pa kuuma konseko
panali mzere umodzi wobiriwira,
wonenepa, wokondwa,
wochokera kuseri kwa bafa langa,
kudutsa pansi pa mpanda,
kukathera pachitsime cha a Sikazwe.

Ndinakumbuka Januwale.
Luyando wawo, wa zaka zisanu,
masiku atatu ali padiripi, maso atalowa.
Tonse tinati ndi mango osatsuka.
Ine ndinapita ndi malalanje kukamuona,
manja anga ali oyera.

Kutsika kunawawa kuposa kukwera.

Fakisoni Mphande, mmisiri, anatsegula chivundikiro cha sepitiki
n'kutembenuza nkhope.
"Yang'ambika m'mbali, amayi.
Mwala wa pansi pa mzinda uno uli ngati chulu, ngwa mauna okhaokha.
Chimene mwataya kuno, mnzanu amakachitunga uko."

Ndalama ya chilimba, yomwe ndinkati ndigulire makatani,
inapita kwa a galimoto yopopa,
inapita ku matumba asanu a simenti.
Madzi a mbale tinawapatsa mgolo wodula pakati
woti mafuta aziyandama, ndiziwayengula Lachitatu.
A m'bafa tinawakumbira ngalande mbali ina,
mapazi makumi atatu kutali ndi chitsime,
Fakisoni akuwerenga mokweza ngati mwana wa giredi wanu.
Pansi pulasitiki, pamwamba miyala ya a Dailesi
(anandichotserako mtengo, ati ndine mnzawo wa m'mawa),
mchenga, makala osweka,
kenako bango ndi ana a nthochi atatu.

Chovuta chinali kugogoda pageti ya a Sikazwe.
Ndinali nditakonza mawu usiku wonse,
koma atatsegula ndinangoti, "Madzi aja anali anga."
Anapukuta manja pachitenje nthawi yaitali.
"Tinkadziwa," anatero.
"Tinkaopa kuti mungati tikunyoza mayi wamasiye."
Tinaima choncho, tambala wawo akutizungulira.
Mpaka lero amathirabe kolorini m'ndowa,
ndipo sindiwaimba mlandu.

Tsopano ndimapuma kawiri kokha.
Loweruka lapitali Luyando ananditsatira,
patapata akuwomba miyala, mafunso osatha.
Pamwamba anati, "Kwathu ndi kuti?"
Ndinamulozera thanki yopendama.
Mzere uja wafota, wasanduka udzu wamba,
chobiriwira chatsala ndi kabwalo kakang'ono
komwe nthochi imodzi yayamba kuweramitsa mkoko.

Koma mwana ali ndi maso.
"Nanga uwo? Nanga uwo?"
Tinawerenga mizere isanu ndi iwiri,
kuseri kwa mipanda ya anthu amene ndimapemphera nawo,
umodzi wochokera kunyumba ya mwini maloji.
Sindinamuyankhe.
Ndinamugawira chinangwa chophika,
n'kuyamba kuganiza geti yoyambira.

Namwino akuti magazi atsikako pang'ono.
Akuti ndisasiye.